Ulendo wa ku Bembeke ndi tchipisi cha mbidzi

Popeza nkhani ya ulendo wa gulu lathu wokaphunzira za mbatatesi ku Bembeke yayamba kupotozedwa, ena n'kumati tinathawa ngongole ya tchipisi, ndati ndilembe ndekha, ine amene ndinakhala kumbuyo kwa lole pamwamba pa matumba.

Tinapangana 5 koloko m'mawa pa Tsangano, koma tinanyamuka dzuwa litatuluka kale chifukwa a Tcheya anabwerera kunyumba kukatenga jekete ya ku ukwati ija. Tisanafike pa tala teyala linaphulika, adalaiva jeke alibe. Tinanyamula ndi manja n'kutsamiritsa pa miyala, amayi akutiimbira ngati tili pa dima.

Anzathu a kalabu ya ku Bembeke anatilandira bwino. Alangizi anadula tsinde la mbatatesi yofota n'kuliviika m'tambula ya madzi, ndipo tinaona utsi woyera ngati mkaka ukutsika. Amenewo ndi mabakiteriya, amakhala m'nthaka ndi m'mbewu. Anati yofota tizizula pamodzi ndi dothi lake, tisabzale pamene panali tomato kapena fodya, tizisinthanitsa ndi chimanga, ndipo yathanzi tiziikhomera zikhomo ikadali m'munda kuti ikhale mbewu. Anatiuzanso za matenda a ku Mexico, America ndi New Zealand otchedwa zebra chip, amene mabakiteriya ake amafalitsidwa ndi kachilombo kouluka koyamwa masamba. Anayamba kuoneka ku Mexico mu 1994. Mbatatesi yake ukaikazinga imatuluka mizeremizere ngati mbidzi.

Apa m'pamene panagona nkhani. Pobwerera tinaima pa Lizulu kuti tidye pa chiwaya. Mnyamata uja, poona gulu, anasonkheza moto kwambiri, tchipisi china chinapserera. A Msungichuma anatola kamodzi, kukayang'ana padzuwa, kukatembenuza, n'kunena mwaulemu wonse:

"Achimwene, ichi n'cha mbidzi. Ndalama za gulu sitingagulire matenda."

Mbale inali itatha kale theka! Mnyamata anati mbidzi iye sagulitsa, ali ndi mbuzi yokha, ndipo alipire basi. Amayi a Mlembi anaseka mpaka kutsamwa, tinachita kuwamenya pamsana. Ndalama zinalipidwa zonse, ndinaona ndi maso anga, choncho amene mukuti tinathawa ngongole musiye.

Zikomo anzathu a ku Bembeke chifukwa cha thobwa, zikomo agogo athu potipempherera pa teyala paja. A Tcheya, jekete ija ili ndi girisi paphewa, amayi kunyumba tinawauza kale kuti ndi ya ntchito ya gulu. A Msungichuma, inu A Mbidzi, risiti ya tchipisi tikuifuna Lachinayi pa msonkhano.