Ku Bagru, kumene nsalu imayamba yapakidwa matope isanakongole

Bagru ndi katauni ka fumbi komwe kali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Jaipur, m'mbali mwa msewu wopita ku Ajmer, m'chigawo cha Rajasthan ku India. Alendo ambiri safikako, ndipo china chimene chimachititsa ndi madalaivala, amene amakonda kutengera munthu ku masitolo akuluakulu a mumzinda kumene amapatsidwa kangachepe mlendoyo akagula katundu. Wanga anayesetsa kundiuza kuti ku Bagru kulibe choona koma dzuwa ndi ntchentche, ndipo anavomera monyinyirika nditamuuza kuti ndifuna galimoto ina. Za dzuwazo sananame.

Amene amadinda nsalu kumeneko ndi anthu a mtundu wa Chhipa, ndipo ntchitoyi amasiyirana kuchokera kwa makolo. Ndinalowa m'bwalo lina chifukwa chofuna mthunzi basi. Bambo wina wachikulire, amene manja ake anali obiriwira mpaka m'zigongono chifukwa cha utoto, anandiloza pokhala, natuma mdzukulu wake kukatenga madzi ndi tiyi wa mkaka asanandifunse n'komwe chimene ndadzera. Mnyamatayo ndiye ankadziwa Chingerezi, choncho zonse zimene ndinamva tsikulo zinadzera pakamwa pake.

Nsalu ya thonje imayamba yachapidwa, kenaka imanyikidwa m'madzi a chipatso chotchedwa harda, chimene chimaisiya yachikasu pang'ono ndi kuithandiza kugwira utoto. Ikauma imayalidwa pa tebulo lalitali lomwe layalidwa ziguduli zambiri kuti pakhale pofewa. Chidindo chimasemedwa pa mtengo wolimba wa sheesham kapena teak, ndipo chisanagwiritsidwe ntchito chimanyikidwa m'mafuta kwa masiku angapo kuti chisang'ambike. Mtundu uliwonse wa utoto uli ndi chidindo chake, kotero kuti duwa la mitundu itatu limafuna kuti mmisiri adutse pa nsalu yonse katatu, akumaika chidindo chachiwiri ndendende m'mizere imene choyamba chinasiya. Alibe chingwe kapena choyezera. Amaviika chidindo, amachikhazika, amachimenya kamodzi ndi m'mphepete mwa chibakera, n'kusuntha. M'mphepete mwa dzanja la mwana wa mkuluyo munali chikang'a chokhuthala, ndipo anali atakulungapo kansanza.

Utoto wakuda amaupanga ndi zitsulo zadzimbiri, shuga wosayenga wa nzimbe ndi madzi, zomwe zimasiyidwa mumgolo kwa milungu ingapo kuti zisase. Mnyamata uja atavundukula mgolowo, fungo lake linali ngati la masese a mowa ogonera. Wofiira umachokera ku alamu, mchere wothandiza nsalu kugwira utoto, amene podinda saoneka kwenikweni, ndipo kufiirako kumatuluka pokhapokha nsalu ikawiritsidwa mumphika waukulu pamodzi ndi mankhwala ofiiritsa otchedwa alizarin.

Koma chimene chinandisunga pabwalopo mpaka dzuwa kupendeka ndi dabu. Iyi ndi njira yodinda ndi matope: dothi lakuda losakaniza ndi laimu, manthova a mtengo ndi ufa wa tirigu wofumbwa. Mayi wina ankadinda phala limeneli pa nsalu yoyera, mnzake akubwera pambuyo kuwaza utuchi kuti matopewo asafalikire. Kunena zoona, nsaluyo inkaoneka yoonongeka. Itauma padzuwa, mkulu uja anaitenga n'kupita nayo pa dzenje la utoto wabuluu wotchedwa indigo, lomwe ndi lopapatiza kukamwa koma lakuya kuposa msinkhu wa munthu, ndipo pamwamba pake pamayandama thovu lonyezimira. Anaimiza pang'onopang'ono osagwedeza madzi, chifukwa mpweya ukalowa wambiri m'dzenjemo utoto umafooka. Poivuula inali yobiriwira ngati msipu. Anaitambasula, nandikodola kuti ndigwire mbali ina, ndipo tili chigwirire mtundu uja unayamba kusintha m'manja mwathu momwemo, kuyambira m'makwinya mpaka nsalu yonse inasanduka yabuluu. Mpweya ndi umene umachita zimenezi. Iye anaona nkhope yanga, naseka kwambiri, nauza mdzukulu wakeyo kuti andiuze kuti ntchito sinathe, pakuti buluu wakuya amafuna kunyika ndi kuyanika kangapo. Anandionetsa ina imene inali itachapidwa kale: matope onse atachoka, ndipo pamene anali panatsala timaluwa toyera.

Apa ndiye pamene pali dandaulo langa. Madzulo amenewo kunabwera alendo ena amene ananenerera mpango wa ma rupee 600 mpaka kufuna kuutenga pa theka la mtengo, akunena kuti mumzinda anaona wofanana nawo wotchipa. N'kutheka anauonadi, koma nsalu zambiri zotchipazo zimadindidwa ndi sefa (utoto umapakidwa kudzera pa kaukonde kokhala ndi chithunzi), zimene anthu awiri amatha kutulutsa mamita ambirimbiri pa tsiku, n'kuzigulitsa m'dzina la Bagru kapena Sanganer, dera lina la ku Jaipur lotchuka podinda nsalu. Mayina awiriwa ndi otetezedwa ndi lamulo la India loteteza katundu wa dera, koma lamulo silikhala m'sitolo pamene mlendo akugula. Ife amene tinazolowera kunenerera chitenje ku Limbe tiyenera kukumbukira kuti chitenje chimatuluka m'makina, pomwe mpango uwu unadutsa m'manja mwa wosema, wochapa, wodinda ndi wonyika. Sindikunena kuti munthu asanenerere konse, koma pali malire amene kunenerera kumasanduka kubera.

Kusiyanitsa sikovuta. Yang'anani pamene chidindo chimodzi chikumana ndi chinzake: pa nsalu ya manja pamakhala kampata kapena kudutsana pang'ono, utoto umakhuthala pena n'kupepuka pena, ndipo ya dabu imakhala ndi timitsempha tabuluu pamene matope anang'aluka. Yosalala mofanana kuyambira uku mpaka uko ndi ya sefa. Za ku Sanganer zimadziwika ndi timaluwa ting'onoting'ono pa nsalu yoyera, pomwe za ku Bagru zimakonda zakuda, zofiira ndi zabuluu pa nsalu yachikasu pang'ono.

Wofuna kupitako apewe miyezi ya mvula, kuyambira Julaye mpaka Seputembala, chifukwa matope sauma ndipo mabwalo ambiri amachepetsa ntchito. Apitenso m'mawa, pamene nsalu zimakhala zitayalidwa pansi bwalo lonse. Amene alibe nthawi akhoza kupita ku Anokhi Museum of Hand Printing ku Amber, pafupi ndi Jaipur, yomwe inatsegulidwa mu 2005 m'nyumba yakale yokonzedwanso, ngakhale kuti kumeneko kulibe fungo la mgolo kapena kutentha kwa bwalo. Nsalu ya indigo mukafika nayo kunyumba muichape payokha m'madzi ozizira, muiyanike pamthunzi, ndipo musadabwe madzi oyamba akatuluka abuluu.