Zinyalala za nyukiliya: kukumba dzenje sikokwanira

Chimene chimaononga malo okwirira zinyalala za nyukiliya ndi madzi. Mphamvu yoopsa ya zinyalalazi imachepa yokha, koma mochedwa: ya cobalt-60 imatsika ndi theka pa zaka 5, ya cesium-137 pa zaka 30, pomwe ya plutonium-239 imatenga zaka 24,100. Nthawi yonseyo madzi apansi sayenera kuzikhudza n'kuzitengera m'zitsime.

Ku Finland anayamba kukumba malo okwirira zinyalalazi otchedwa Onkalo, pachilumba cha Olkiluoto, mu 2004. Afika mamita opitirira 400 m'thanthwe. Dongosolo lake n'lakuti yureniyamu wotha ntchito amamuika m'chitsulo, chitsulocho amachilowetsa mu mgolo wa kopa wokhuthala masentimita 5, ndipo mozungulira amatsendera dongo la bentonite, lomwe likanyowa limafufuma n'kutseka ming'alu. China chikalephera, china chimagwira.

Kumene anafupikitsa ntchito, zinawavuta. Ku Germany anaunjika migolo pafupifupi 126,000 mu mgodi wakale wa mchere wa Asse pakati pa 1967 ndi 1978. Kuyambira 1988 madzi akhala akulowamo, moti mu 2013 anakhazikitsa lamulo loti yonse itulutsidwe. Ku WIPP, malo okwirira zinyalalazi m'chigawo cha New Mexico ku America, mgolo umodzi unaphulika mu February 2014 chifukwa opakira anasintha chinthu choumitsira madzi mumgolomo, n'kuikamo chochokera ku zomera m'malo mwa chadongo. Malowo anakhala otseka pafupifupi zaka zitatu. Kusintha kakang'ono papepala la malangizo opakira migolo!

Ife kuno ku Malawi tilibe malo opangira magetsi a nyukiliya, choncho Onkalo sitikumufuna. Tili ndi tizipangizo totulutsa mphamvu yoopsayi ta m'zipatala, m'mafakitale ndi ta omanga misewu, komanso zotsalira za mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, zomwe mumakhala radium-226 wotsika ndi theka pa zaka 1,600. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 lilipo, bungwe la AERA, loyang'anira za nyukiliya m'dziko muno, lilinso muno mu Lilongwe. Ndondomeko ya boma iyambire pa kaundula: chipangizo chilichonse chilembedwe nambala, mphamvu yake, mwini wake ndi pomwe chili. Wogula asainirane ndi wogulitsa kuti chikatha ntchito chibwerere kwawo, ndipo ndalama yotsekera mgodi iziikidwa padera mgodiwo ukadali kupanga phindu, osati mwini atalongedza kale. Ku Goiânia, m'dziko la Brazil, chipangizo cha cesium chosiyidwa m'chipatala chotsekedwa chinagwa m'manja mwa otola zitsulo mu 1987, anthu anayi n'kumwalira.

Zosatheka kubweza zingakwiriridwe m'chitsime chakuya chopapatiza, njira yomwe IAEA, bungwe la dziko lonse loona za nyukiliya, imalangiza mayiko okhala ndi zinyalala zochepa. Apa kusankha malo kumafuna akatswiri a miyala, osati andale. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zikuonetsa kuti m'mbali mwa nyanja nthaka imasuntha. Pafunika kubowola zitsime zoyesera ndi kuyeza kayendedwe ka madzi apansi kwa zaka zingapo, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo mafumu ndi anthu a m'deralo amve zotsatira zake makina okumbira asanafike.