Chala cha wojambula chinkaloza ndani? Umphawi ndi chifundo m'zithunzi za ku England

Pa phunziro lathu la mbiri ya zojambulajambula, chigawo chino takhala tikusanthula zithunzi zimene akatswiri a ku England a m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 ankadzudzulira nazo makhalidwe a anthu mwanthabwala. Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi mmene ankaonetsera anthu osauka, chifukwa chithunzi chikhoza kumvetsa chisoni koma n'kukhala chikuimba mlandu munthu yemweyo amene tikumumvera chisoniyo.

Maganizo a nthawi imeneyo anali ndi mizu yake m'malamulo. Lamulo la osauka la 1601 linapatsa parishi iliyonse udindo wotolera msonkho wothandizira amphawi ake, ndipo anthu ankawagawa pawiri: oyenera thandizo, monga okalamba, odwala ndi ana amasiye, ndi osayenera, amene ankawayesa alesi. Pofika 1697 wolandira thandizo ankalamulidwa kuvala chizindikiro cha chilembo P paphewa, kuti aliyense wokumana naye panjira adziwe kuti akudya za parishi.

Mu 1751 wojambula William Hogarth anatulutsa zithunzi ziwiri zoyendera limodzi, Beer Street ndi Gin Lane. Chachiwiricho chikuonetsa dera la St Giles mu London, kumene mowa wa jini, wotchezedwa ngati kachasu, unali utazika mizu. Pakati pa chithunzi pali mayi amene wakhala pamasitepe, miyendo ili zilonda zokhazokha, akutapa fodya wamphuno, ndipo khanda lake lapulumuka m'manja n'kumagwa chadodolido iye osazindikira n'komwe. Chakumanzere kalipentala akupereka sowo yake kwa mwini pinyolo, ndipo mayi wina wabweretsa miphika yake, kutanthauza kuti onse awiri akutaya zinthu zimene zikanawadyetsa mawa. Patali pang'ono mtembo wa mayi wina ukuikidwa m'bokosi mwana wake akulira pambali. M'chithunzi cha Beer Street anthu akumwa mowa wamba, ndi onenepa ndi akhama pantchito, ndipo nyumba yokhayo imene ikugumuka ndi ya mwini pinyolo.

Uthenga wake ndi woonekeratu: umphawi wa ku St Giles wabwera ndi khalidwe la eni akewo. Koma nditawerenga mbiri ya mowawu ndinaona kuti pali anthu ena amene sanajambulidwe. Kuyambira cha m'ma 1690, mu ulamuliro wa mfumu William III, boma lenilenilo ndi limene linalimbikitsa kutcheza mowa kuti eni minda apeze msika wa mbewu zawo komanso kuti brande wa ku France asagulidwe. Eni mindawo mulibe m'chithunzimo, aphungu amene anakonza malamulowo mulibenso. Mlandu wonse wagwera mayi wa pamasitepe.

Sindikunena kuti Hogarth anali wouma mtima. Iye anali mmodzi wa oyang'anira Foundling Hospital, nyumba yolerera makanda osiyidwa imene Thomas Coram anaipezera chilolezo cha mfumu mu 1739, ndipo anapereka kunyumbako chithunzi cha Coram chimene anajambula mu 1740. Komabe chifundo cha kumeneko chinali ndi mbali yowawa. Malo atachepa, kuyambira 1742 amayi ankachita maere potola kampira m'thumba: koyera kankatanthauza kuti mwana alandiridwa akapezeka wathanzi, kofiira kuti adikire, kakuda kuti abwerere naye. Anthu olemera ankabwera kudzaonerera mwambowu. Ine ndikuona kuti khanda linkayesedwa losalakwa ndi loyenera kupulumutsidwa, pamene mayi wake ankangokhala chinthu choonerera, monga momwe alili m'Gin Lane.

Patapita zaka zoposa 90 chitulukireni Gin Lane, chala choloza wolakwa chinatembenuka. Lamulo latsopano la 1834 linafuna kuti munthu wamphamvu zake azilandira thandizo pokhapokha atalowa m'nyumba yogwiriramo ntchito amphawi, mmene moyo unkaumitsidwa dala ndipo mwamuna, mkazi ndi ana ankawalekanitsa. Mu Julaye 1843 magazini ya Punch inasindikiza chithunzi cha John Leech chotchedwa Substance and Shadow. Boma linali litakonza chionetsero ku Westminster Hall cha zojambula zokongoletsera nyumba ya malamulo yatsopano, popeza yakale inapsa mu 1834. Leech anajambula anthu ausiwa, ana opanda nsapato ndi olumala atalowa m'chionetsero, akuyang'ana zithunzi za anthu okhuta, ndipo mawu otsagana nacho ankadandaula kuti osauka akupempha chakudya koma boma likuwapatsa chionetsero. Apa amene akusekedwa ndi wopereka, osati wolandira, ndipo kusintha kumeneku ndikuona kuti n'kwakukulu.

Ngakhale zili choncho, ndikayang'anitsitsa anthu amene Leech anasankha kujambula, ndikupeza kuti onse ndi ofatsa, ofooka ndi osayankhula, ndiye kuti ndi a gulu lija la oyenera thandizo. Kuti owerenga Punch, amene ambiri anali anthu opeza bwino, akwiyire boma, panafunika kuwaonetsa amphawi amene palibe angawanene kuti anadzichititsa okha. Chidakwa, wakuba kapena munthu waukali wofuna ufulu wake sanapatsidwe malo m'chithunzi chimenecho.