Zithunzi za malume

Dzulo ku Area 25 malume anatulutsa envulopu ya zithunzi za nthawi imene ankakwera mapolo a magetsi. Mapolo ogwa, mawaya ali lende pamsewu, thiransifoma yopserera akuba atapopa mafuta ake. Pa china iwowo ali pamwamba, mvula ikugwa, chowagwira ndi lamba wa m'chiuno basi. Ine kakasi.

Zandikumbutsa zithunzi za ku Kapichira mu Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu pa Shire, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima. Ife kuno tinkangolira makala kukwera mtengo ndi mafoni kuthima. Za anthu amene ankakonza m'matope muja sindinaganizeko n'komwe, manyazi andigwira.

Malume akuti zithunzi zawozo ndizijambule pa foni zisanafufutike. Chija cha pa polo chokha ndapempha, chikakhala pakhoma kwanga.