Tizidutswa ta matabwa tinatipatsa bizinesi ku Kasungu

Bambo a kunyumba ndi kalipentala, ndipo shedi yawo ili kuno ku Kasungu boma. Akamakhoma mabedi ndi zitseko pamatsala tizidutswa ta paini ndi pulayiwudi, timene kale tinkangothera pamoto wophikira nyemba. Ine nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ya mmera mpoyamba, pamene zoseweretsa za ana zinali timiyala ndi zitsekerero za mabotolo basi. Ndinajambula maonekedwe angapo papepala n'kuwapempha bambowo kuti andidulire. Makolo ataona ana akukanirira pamkeka mpaka nthawi yoweruka kupitirira, anayamba kufunsa mtengo.

Choyamba kupanga chinali tangram, sewero lochokera ku China. Thabwa la mbali zinayi zofanana limadulidwa m'zidutswa 7, ndipo mwana amapanga nazo nkhuku, nyumba kapena bwato, osasiyako chidutswa ngakhale chimodzi, osasanjikizanso. Ntchito yake imaoneka yochepa koma imafuna dzanja lokhazikika. Sowo ikangopatuka pang'ono, zidutswa sizibwereranso m'bokosi mwake, ndiye mwana amayesa kuti wopepera ndi iyeyo pamene vuto ndi la thabwa. N'chifukwa chake bokosi lililonse ndimaliyesa ndekha lisanatuluke pashedi. M'mbali monse timakwecha ndi sandipepala, ndipo za ana aang'ono timadula zikuluzikulu, poti chilichonse iwo amayamba aika m'kamwa.

Lina timalitcha nsanja. Analitulukira ndi Édouard Lucas, katswiri wa masamu wa ku France, mu 1883, ndipo kunja limadziwika kuti Tower of Hanoi. Pali timitengo titatu ndi timawilo tosiyana kukula. Usamutse timawilo tonse kuchoka pa kamtengo koyamba kufika pa komaliza, kamodzikamodzi, ndipo lalikulu lisakhale pamwamba pa laling'ono. Timawilo titatu timasamuka ndi mayendedwe 7, tinayi 15, tisanu 31. Mtsikana wina wa Sitandade 5 analemba manambalawa pansi ndi kamtengo, kuwayang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kudzuka: "Aphunzitsi, mukaonjezera lina zikhala 63!" Palibe anamuuza kuti awirikize kawiri n'kuphatikizapo imodzi. Anaziona yekha, ndipo tsiku limenelo ndinapita kunyumba mtima uli mbee.

Koma limene limayenda malonda kwambiri ndi la fisi, mbuzi ndi dengu la chimanga. Tinajambula mtsinje wa Bua pathabwa, ndi kabwato konyamula munthu ndi katundu mmodzi yekha. Ukasiya fisi ndi mbuzi, mbuzi yapita. Ukasiya mbuzi ndi chimanga, chimanga chatha. Ana amaolotsa mbuzi poyamba, bwinobwino, kenaka amaima. Chimawavuta n'chakuti pena umayenera kubwerera nayo mbuzi ija kutsidya kumene unaichotsa. Mwana wozolowera kuti kubwerera m'mbuyo n'kulephera amatenga nthawi kuti avomereze zimenezi, ndipo akavomereza nkhope yake imasintha.

Apa ndi pamene timasiyana maganizo ndi makolo ena. "Mayi, nanga pepala la mayankho lili kuti?" Sitiikamo dala. Ndimawapempha kuti mwana akakakamira, manja awo akhale kumbuyo, angofunsa kuti, "Wayesa ziti kale? Nanga chatsala n'chiyani?" Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kholo likalanda n'kumupangira, ndalama yake yapita pachabe. Ndimawakumbutsanso za bawo: agogo pansi pa mtengo wa mango amawerengera mabowo 32 aja m'mutu asanagwire nkhomo, ndipo palibe amene anawalembera mayankho. Chimandiwawa n'chakuti pabawo atsikana saonekapo kawirikawiri, amakhala ali kumjigo kapena akulera mng'ono wawo. Bokosi likagulidwa pakhomo, ndimanena poyera kuti ndi la ana onse.

Malonda athu amayenda ndi fodya, monga zilili zambiri kuno. Msika wa fodya wa Chinkhoma ukatsekulidwa, alimi amagulira ana awo ndipo sukulu zoyima pazokha zimaitanitsa mabokosi ambiri nthawi imodzi. Januwale ndi Febuluwale kumakhala zii, aliyense akuganiza za ufa, ndiye miyezi imeneyo timangodula ndi kupenta n'kumasunga. Ndalama yogulira penti ndi vanishi yoyamba ndinakongola ku banki mkhonde, ndipo mpaka lero mtengo wa penti ndiwo umatidyera phindu. Maoda ambiri amabwera pa WhatsApp, anthu amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ife n'kutumiza katundu pa minibasi ku Santhe, Nkhamenya ngakhale ku Mchinji. Zidole zapulasitiki za pamsika n'zotchipa kuposa zathu, sitingakane, koma lathu likathyoka timakonza ulere.

Sukulu za kumudzi zimene sizingathe kugula timazibwereka mabokosi kwa teremu imodzi, aphunzitsi n'kusainira. Panopa bambo akudula sudoku ya ana, sewero lodzaza timabokosi osabwereza chinthu chimodzi mumzere umodzi, ya timabokosi 16, yokhala ndi zithunzi za mango, nthochi, gwafa ndi papaya m'malo mwa manambala, kuti ndi wa Sitandade 1 yemwe athe kuyamba. Ikauma penti, ipita kaye ku sukulu ina ya kwa Wimbe kuti ana akatiyesere.