Ulendo wa ku London wokasaka semla

February akamayandikira, mtima wanga umabwerera ku Uppsala. Ndinachokako kalekale, panopa ndimakhala ndi kugwira ntchito ku Manchester, koma mphuno siiwala. Ndikangomva fungo la cardamom, kambewu konunkhira kokometsera zakudya, m'mashopu a pa Wilmslow Road momwe ndimagula mpunga, ndimaona khitchini ya mayi wachikulire amene ndinkachita lendi m'nyumba mwawo pamene ndinkaphunzira ku Sweden.

Amene simunaionepo, semla ndi banzi la ufa wa tirigu lokandidwa ndi mkaka, batala, yisiti ndi cardamom wosinja. Likapsa n'kuzizira amalidula pamwamba ngati akuchotsa chivundikiro, n'kukolowola pakati. Zinyenyeswazo amazisakaniza ndi mandelmassa, phala louma la amondi ndi shuga, n'kuthiramo kamkaka, kenaka n'kuzibwezera m'dzenjemo. Pamwamba amaunjikapo kirimu wopuntha, n'kubwezerapo kachivundikiro kaja, n'kuwazapo shuga wosalala ngati ufa. Imodzi ndi semla, zambiri ndi semlor. Dzinali linachokera ku mawu a Chilatini akuti simila, kutanthauza ufa wa tirigu wosalala kwambiri.

Chaka changa choyamba ku Sweden chinali chowawa. Mu December dzuwa linkalowa 3 koloko masana isanakwane, ndipo ndinkachoka ku laibulale n'kuwoloka mtsinje wa Fyris kuli mdima bii, chipale chofewa chikulira kupansi kwa nsapato. Mayi a nyumba aja sankalankhula zambiri. Ankafuna kuti ndiziwaitana dzina lawo lenileni monga amachitira anthu a kumeneko, koma lilime langa linkakana. Munthu wa msinkhu wa agogo anga sindikanamutchula dzina. Ndinkangoti Mayi, iwo n'kumamwetulira. Tsiku lina Lachiwiri anagogoda pachitseko changa, chinthu chimene anali asanachitepo, nati nditsike kukhitchini. Patebulo panali mbale ziwiri zolowa, m'mbale iliyonse muli semla itakhala mumkaka wotentha. Anati kadyedwe kameneka ndi hetvägg, ndipo ndi mmene makolo awo ankadyera. Tinadya ndi masipuni mwakachetechete. Banzi linali litamwa mkaka kunsi, kirimu akusungunuka pang'onopang'ono, amondi akumveka pakati. Tsiku limenelo ndi pomwe anandifunsa koyamba za kwathu, ndipo tinacheza mpaka khofi anazizira.

Tsikulo ndi Fettisdagen, Lachiwiri lonona, limene limatsogolera Lachitatu la Phulusa. Ife amene tinakulira mu mpingo wa Katolika timadziwa bwino kuti Lenti ikayamba, pakamwa pamafunika mwambo. Kale Sweden idakali ya Katolika, anthu ankadya zonona tsiku limeneli asanalowe m'masiku 40 osala. Dzikolo litatembenukira ku Chilutera m'zaka za m'ma 1500 kusala kunazilala, koma banzi linatsala, mpaka anthu anayamba kulidya Lachiwiri lililonse kufikira Pasaka. Masiku ano mabekale ambiri amayamba kugulitsa Khirisimasi ikangotha, ndipo nyuzipepala zimalawa semlor za m'mabekale osiyanasiyana n'kulengeza yopambana. Palinso nkhani imene aliyense amakuuza: mfumu Adolf Fredrik anamwalira pa 12 February 1771 atadya chakudya chambiri chomwe anatsirizira ndi hetvägg, ndipo anthu amati anadya mbale 14. Mayi aja ankadana ndi zogulitsa semla mu December. Ankati chinthu chikamapezeka nthawi zonse chimasiya kukoma. Ndinkawamvetsa, chifukwa kwathu nako chimanga chachiwisi timachidikira, ndipo chowotcha choyamba cha chaka sichifanana ndi china chilichonse.

Ku England kuno tsiku lomwelo ndi la mapankeke. Mwana wanga amabwera kusukulu akulankhula za mandimu ndi shuga, ndipo ndimamuphikira, koma mtima wanga umakhala kwina. Zaka zingapo ndinayesa kusaka semla kufupi. Pamalo ena ndinapeza banzi lokongola ndithu, koma m'kati munali jamu, cardamom osamveka n'komwe. Sindinganene kuti n'zolakwika, pakuti ku Finland, komwe amalitcha laskiaispulla, anthu ambiri amakonda la jamu, ndipo ku Norway ndi ku Denmark ali ndi mabanzi awo a nyengo yomweyi ophikidwa mwa njira yawo. Koma sichinali chimene ndinkafuna. Ndinkafuna cha m'khitchini muja.

Mu 2025 Fettisdagen inagwa pa 4 March. Ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, ndinaperekeza mwana kusukulu, n'kukakwera sitima pa siteshoni ya Piccadilly ku Manchester. Ulendo wa ku siteshoni ya Euston ku London ndi wa maola awiri ndi mphindi pang'ono. Msuweni wanga amene amakhala ku London anandichingamira pasiteshoni atangoweruka ntchito ya usiku, maso ali psuu.

"Achemwali, zoona mwabwera ulendo wonsewu chifukwa cha banzi?"

"Tiyeni mukalawe kaye, mudzandifunse pambuyo."

Malo oyamba amene tinafika tinapeza mzere utatuluka mpaka panja, ndipo titayandikira kutsogolo anatiuza kuti zotsalazo n'za anthu amene anaitanitsiratu. Apa ndikulangizeni: ngati mukufuna semla pa tsiku lenilenilo, itanitsiranitu kapena mulawire. Komabe mzere umenewo unandisangalatsa. Kutsogolo ndi kumbuyo kwanga kunkamveka Chiswidishi chokhachokha, azimayi ndi ana m'mapulemu, anyamata ovala masuti amene anathawa kuofesi kwa kanthawi, agogo awiri atagwirana mkono. Onse anali alendo m'dziko la eni ngati ine, ndipo onse anatulutsidwa m'nyumba ndi njala imodzi. Mayi wina atamva ndikuyankha m'chinenero chawo, ngakhale chothyokathyoka, anatembenuka n'kundifunsa kumene ndinachiphunzira. Nditatchula Uppsala nkhope yake inawala, nati ndiyesere ku Covent Garden.

Tinayenda wapansi kudutsa Soho. Bekale ya Chiswidishi yotchedwa Bageriet ili ku Covent Garden pa Rose Street, kanjira kakang'ono koti ungakadutse osakaona, ndipo bekaleyo ndi yaing'ono zedi, matebulo ochepa. Fungo linandilandira pakhomo. Semlor zinali m'galasi zitandandalikidwa, tizivundikiro tili mbee ndi shuga. Ndinagula zinayi, ziwiri zodyera pomwepo, ziwiri za m'bokosi.

Semla ili ndi kadyedwe kake. Umayamba ndi kachivundikiro, n'kumakatapira kirimu ngati mmene timatapira ndiwo ndi mbamu ya nsima, kenaka ndiye ugwire banzilo. Ndinamuonetsa msuweni wanga. Analuma, nakhala chete, shuga ali pamphuno.

"Sikutsekemera kwambiri ayi," anatero. "Ndimayesa ndi keke."

Pamenepo anakhudza penipeni. Banzilo palokha silitsekemera kwambiri, kirimu nayenso amakhala wopanda shuga kapena wa shuga pang'ono. Kutsekemera konse kumabisala pakati, mu amondi, ndipo cardamom ndi amene amamanga zonse pamodzi. Ayenera kukhala wosinjidwa mwamisere, kuti uziona timadontho takuda m'banzimo n'kumatimva pa dzino. Ndi chifukwa chake sindigwirizana ndi zosinthasintha zimene zinabwera m'zaka zapitazi, monga semmelwrap imene inatchuka ku Stockholm mu 2015, yomwe mtanda wake amaupyapyalitsa n'kuukulunga ngati chapati kuti munthu azidya akuyenda. Semla sifuna kudya ukuyenda. Imafuna ukhale pansi, khofi ali pambali, ndi munthu wina patsogolo pako. Anthu a ku Sweden kukhala kotereku amakutcha fika, ndipo sakuona ngati kutaya nthawi.

Msuweni wanga atapita kukagona, ine ndinalowera ku Marylebone. Kumeneko kuli tchalitchi cha anthu a ku Sweden pa Harcourt Street, ndipo chapafupi pa Crawford Street pali shopu ya TotallySwedish. Ndinagulamo mandelmassa kuti chaka chamawa ndidzayese kuphika ndekha, ndi mwana wanga pambali akuphunzira kukanda. Ndinaima kanthawi kunja kwa tchalitchicho. Mayi a ku Uppsala aja anamwalira ndili kale ku England, ndipo kumaliro kwawo sindinapite. Ndinawapempherera pomwepo m'Chichewa.

M'sitima pobwerera bokosi ndinaliika pamiyendo ulendo wonse, kuopa kuti kirimu angaphwanyike. Ndinafika kunyumba kutada. Ndinatenthetsa mkaka, ndinatulutsa mbale ziwiri zolowa, n'kuitana mwana wanga kuti abwere kukhitchini. Anayang'ana banzi likusambira mumkaka, nandiyang'ana ine.

"Amayi, timadya ndi chiyani?"

Ndinamupatsa sipuni. M'mawa mwake tinalawirira ku Misa kukalandira phulusa.