Galimoto ya amalume ku Ulongwe ndi mtengo wa dzimbiri

Kuseri kwa nyumba ya amalume ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, kuli galimoto ya mipando iwiri ya mtundu wa MGB, imene iwo anagula kwa Mpwitikizi wina amene ankachoka m'dziko muno mu 1975, ndipo kwa zaka zambiri tsopano nkhuku ndizo zimaikiramo mazira. Mwezi watha kunabwera makaniko wina amene ananena kuti tichotse injini yakaleyo, tiikemo ya Toyota, tipope penti yofiira, tisoketse mipando yatsopano, kenako tikaitsatse mumzinda wa Tete, kumene kuli anthu a ndalama za malasha a ku Moatize. Amalume anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Iwe mphwanga, poti umawerenga za zinthu zimenezi, tandiuze ngati bamboyu akunena zoona." Ndinawapempha kuti andipatse sabata imodzi.

Maganizo a makanikoyo ndi olondola pa galimoto zimene timadalira kuno. Munthu wogula galimoto yonyamula mbatata ya kachewere kuchokera ku Tsangano amafuna injini imene singamugoneke panjira, ndiponso imene masipeya ake amapezeka mosavuta, ndipo kwa iyeyo chilichonse chatsopano chimakweza mtengo. Koma msika wa galimoto zakale zaliwiro, umene uli makamaka ku Ulaya ndi ku America, umayendera nzeru ina, chifukwa ogula ake safuna chokwera ayi, amafuna mbiri imene angathe kuikhudza ndi manja.

Mu February 2015, kampani ya okushoni ya Artcurial inagulitsa ku Paris galimoto pafupifupi 60 zimene munthu wina wabizinesi wa ku France, Roger Baillon, anasonkhanitsa, ndipo zinakhala zaka zambirimbiri m'zisakasa kumadzulo kwa France. Pakati pake panali Ferrari 250 GT California Spider ya mu 1961, imene anaipeza itakwiririka ndi milu ya magazini, ndipo ngakhale sinakonzedwe inagulidwa pa mtengo woposa ma euro 16 miliyoni. Chimene chinandidabwitsa kwambiri chinachitika mu 2024 pa chionetsero cha Pebble Beach ku California, kumene kwa zaka zambiri zinkapambana ndi galimoto zokonzedwa mpaka kunyezimira kuposa tsiku limene zinatuluka m'fakitale. Chaka chimenecho mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti Type 59 ya mu 1934, imene kale inali ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium, yokhala ndi penti yakalekale ndi zikopa zotha, ndipo kanali koyamba kuti galimoto yosungidwa mmene inaliri ipambane.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Aliyense amene ali ndi ndalama angathe kulemba amisiri kuti akonze galimoto, koma penti ya kufakitale ikangopalidwa palibe mmisiri amene angaibwezere, ndipo pansi pa penti yatsopano wogula sadziwa kuti pabisika dzimbiri lochuluka bwanji kapena kuti anawotcherera pati. N'chifukwa chake ogula amayamba ndi manambala: nambala ya injini iyenera kugwirizana ndi imene fakitale inalemba pa galimotoyo. Kampani ya Ferrari inafika pokhazikitsa nthambi ya Ferrari Classiche ku Maranello, m'dziko la Italy, imene imayeza galimoto zakale n'kupereka chikalata chotsimikizira kuti zitsulo zake ndi zenizeni. Galimoto imene injini yake inasinthidwa imatsika mtengo, ngakhale iziyenda bwino chotani.

Komabe ndinayenera kuwachenjeza amalume kuti asayambe kuwerengera mamiliyoni, pakuti si dzimbiri limene limadula, koma kusowa kwa galimotoyo. Za mtundu wa Ferrari 250 GTO zinapangidwa 36 zokha, ndipo imodzi inagulidwa pa madola 48.4 miliyoni mu 2018. Za Mercedes-Benz 300 SLR Uhlenhaut Coupé zilipo ziwiri basi, ndipo imene inagulitsidwa mu 2022 inapita pa ma euro 135 miliyoni. Koma MGB inapangidwa yoposa 500,000 kuyambira mu 1962 mpaka mu 1980. Pa galimoto yopezeka motero, yokonzedwa bwino imaposa ndithu yowola imene yangokhala pabwalo, ngakhale kuti nthawi zambiri ndalama zoikonzera zimaposa zimene mwini wake angapeze poigulitsa. Ndiye pali kusiyana pakati pa galimoto yosungidwa ndi galimoto yotayidwa, ndipo ya amalume, kunena zoona, ili pakati penipeni: fumbi ndi mvula ya kuno kumapiri zadya zitseko, koma injini ndi zonse za mkati ndi zimene inabwera nazo.

Sabata itatha ndinawauza kuti, "Amalume, mukaikamo injini ya Toyota mutaya chinthu chokhacho chimene munthu wodziwa galimotozi angalipire, ndipo wofuna galimoto yantchito sadzagulabe kagalimoto kotsika chonchi kuti aziyenda nako m'misewu yathu ya fumbi." Anakhala chete kwakanthawi, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chikwama chakale mmene munali mapepala a galimotoyo, olembedwa m'Chipwitikizi, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Tinapukuta mafuta pa injini ndi sanza, ndipo manambala amene anaonekera anali omwewo a pamapepala. Makaniko tamupempha kuti angotsuka thanki, asinthe mafuta ndi kuona ngati injiniyo ingalire, koma penti asaikhudze. Nkhuku tazimangira khola lina, ngakhale imodzi ikubwererabe pampando wa dalaivala m'mawa uliwonse.